Nyumba za Institute of Education ku London: ndikayembekezere zotani?

Chokochoyera:
Moni nonse a pagulu lino. Ndine mphunzitsi wa ku sekondale, ndaphunzitsa zaka 14, ndipo chaka chino ndapeza malo okachita digiri yachiwiri ya zamaphunziro ku Institute of Education (IOE) ya University College London (UCL). Paja amati safunsa anadya phula, choncho ndabwera kudzafunsa kwa inu amene munafikako. Nditaona zithunzi za nyumba yawo ya pa 20 Bedford Way ndinakhumudwa pang'ono, chifukwa m'maganizo mwanga ndinkaona bwalo lalikulu la kapinga ndi mitengo ngati ku Chirunga, koma chimene ndinaona ndi chinyumba chachitali chotuwa, chofanana ndi nkhokwe za chimanga za ku Kanengo. Kodi m'kati mwakemo munthu amapeza malo odekha oti akhale pansi n'kuwerenga tsiku lonse? Ndikufunsanso za masitepe, popeza bondo langa lakumanja limandivuta ndipo nthawi zina ndimayendera ndodo. Chimene chikundidabwitsa koposa n'chakuti pazithunzi zonsezo sindinaonepo mwana wa sukulu ngakhale mmodzi, chonsecho ndi malo osulira akatswiri a zamaphunziro.

MlendoWaBloomsbury:
Tikuyamikeni, Mayi, mwachita bwino kwambiri. Ine ndinaphunzira komweko, ndipo zimene mwaona pazithunzizo ndi zoona: palibe mpanda, palibe geti, palibenso bwalo la sukulu monga tikulidziwira kwathu. Mukatsika sitima yapansi panthaka pa Russell Square, mumayenda mphindi zochepa m'mbali mwa munda wa mitengo, kenako chinyumbacho chimangotulukira, chitatenga mbali yonse ya msewu. Sichili cha IOE chokha ayi, chifukwa kumapeto kwake koyang'ana ku Russell Square kuli Institute of Advanced Legal Studies, ya anthu ofufuza zamalamulo. M'kati muli makalasi, maofesi a aphunzitsi, malo odyera, ndi maholo angapo omwe anawatcha mayina a atsogoleri akale monga Nunn, Jeffery ndi Elvin. Holo yaikulu kuposa onse ndi Logan Hall, yomwe imalowa anthu pafupifupi 900. Chinthu chimodzi choti muzolowere msanga ndi manambala a nsanjika, chifukwa sayambira pamene mwalowera: ambiri mwa maholo akuluwo ali pa nsanjika 1, kunsi ndithu, pomwe khomo la laibulale lili pa nsanjika 4. Zikepe zilimo, choncho za bondo musade nazo nkhawa kwambiri m'kati mwa nyumbayo.

Namadzi77:
Nyumbayo ndi yosakongola, tisabise. Ine ndinaiona ndi maso nditapita kukacheza kwa mchemwali wanga, ndipo sindinakhulupirire kuti sukulu yotchuka chonchi ingakhale mu chinthu chooneka ngati fakitale.

MmisiriWaMapulani:
A Namadzi77, ndiloleni nditsutse mwaulemu, chifukwa ntchito yanga ndi yolemba mapulani a nyumba ndipo nyumba imeneyi tinaiphunzira m'kalasi. Anailemba ndi Denys Lasdun, yemweyo amene analemba National Theatre ya m'mphepete mwa mtsinje wa Thames. Inamangidwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo inatsegulidwa mu 1977 ndi mayi ake a Mfumukazi Elizabeth, omwe panthawiyo anali Chansala wa University of London. Kamangidwe kotereka amakatcha Brutalism, dzina lochokera ku mawu a Chifalansa otanthauza konkire yosapaka kanthu. Amisiri a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti nyumba izionetsa poyera chimene yamangidwira, osabisa ndi pulasitala kapena penti. N'chifukwa chake mukaiyang'ana mumaona nsanja za konkire zitaima motalikirana, momwe mumadutsa masitepe, zikepe ndi mapaipi, ndipo pakati pa nsanjazo pali mizere yaitali ya magalasi ndi zitsulo zakuda, momwe muli maofesi ndi makalasi. Munthu wodziwa kuwerenga nyumba amatha kuloza ali pamsewu kuti apa pali masitepe, apa pali zipinda.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nyumbayi sinathe monga analinganizira. Pulani inali yakuti kumbuyo kwake kutuluke mapiko asanu otsika ngati makwerero, koma linamangidwa phiko limodzi lokha. Ndalama zinachepa, komanso anthu anakwiya ataona nyumba zakale za pa Woburn Square zikugwetsedwa kuti papezeke malo. Patapita zaka, mu 2000, boma la Britain linaiika pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa, pa mulingo wa Grade II*, kutanthauza kuti eni ake sangaisinthe mwachisawawa popanda chilolezo. Mukhoza kusaikonda, ndipo si inu nokha, koma si nyumba yongounjika njerwa popanda nzeru.

Namadzi77:
Ndamva, Bambo, ndipo ndaphunzirapo kanthu. Komabe Mayiwa akupita kukaphunzira, sakupita kukaona luso la amisiri. Ngati munthu afunika kufotokozeredwa kaye kuti aone ubwino wa nyumba, ine ndimakayika ngati ubwinowo ukumuthandiza.

MlendoWaBloomsbury:
Pamenepo ndiye tibwerere ku funso la Mayi Chokochoyera la malo owerengera, chifukwa kwa ine mtima wa sukulu imeneyi ndi laibulale yake, yotchedwa Newsam Library, potengera dzina la Sir Peter Newsam yemwe anatsogolerapo sukuluyi. Ndi imodzi mwa malaibulale aakulu kwambiri a zamaphunziro ku Ulaya konse. Simuli mabuku a akatswiri okha. Muli mabuku akale ophunzitsira ana, masilabasi, malipoti a maboma, ndiponso zipangizo zimene aphunzitsi amagwiritsa ntchito m'kalasi. Ine kafukufuku wanga anali wa chiyankhulo chophunzitsira m'makalasi oyambirira, ndipo ndinakhala masabata ambiri ndikutsegula malipoti a zamaphunziro a mayiko a kuno ku Africa, ena a nthawi ya atsamunda, omwe kwathu ndinali ndisanawagwirepo. Zimenezi zili choncho chifukwa sukuluyi inali ndi nthambi yokonzekeretsa anthu okagwira ntchito ya maphunziro m'mayiko omwe Britain ankalamulira, ndipo mapepala ambiri anasonkhana kumeneko.

Mukakhuta kukhala malo amodzi, muli ndi kothawira. Laibulale ya SOAS, sukulu ya maphunziro a za Africa ndi Asia, ili kuseri komweko, ndipo nayonso analemba ndi Lasdun yemweyo. M'menemo muli mabuku ambiri a za Africa, ngakhale a Chinyanja. Laibulale ya University of London ya ku Senate House ili pafupi, British Library nayo mumafika wapansi, ndipo chiphaso chowerengera kumeneko ndi chaulere. Palinso Student Centre ya UCL pa Gordon Street, yomwe inatsegulidwa mu 2019, ili ndi malo okhala ophunzira okwana 1,000 ndipo imakhala yotsegula usana ndi usiku. Mwayi umenewu unakula kuchokera mu December 2014 pamene IOE inalowa m'manja mwa UCL. Nthawi ya mayeso malo onsewa amadzaza, choncho kulawira kumathandiza.

NkhalambaYaKuDomasi:
Ine ndapuma pa ntchito, ndaphunzitsa aphunzitsi zaka zambiri, ndipo funso lomwe landigwira mtima ndi lomaliza lija, la ana. Mwana wanga Chokochoyera, waona chinthu chenicheni. Sukulu ya madokotala imamangidwa pafupi ndi chipatala, monga momwe koleji ya madokotala ku Blantyre inakhalira moyandikana ndi chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo sukulu ya zaulimi siingakhale yopanda munda ndi khola. Nanga bwanji sukulu ya zamaphunziro izikhala yopanda ana? Ku Domasi kuno koleji ili ndi sukulu zake zochitira chitsanzo, ya pulayimale ndi ya sekondale, kotero kuti wophunzira amatha kumva chiphunzitso m'mawa, masana n'kukaima kumbuyo kwa kalasi kuona ngati chiphunzitsocho chikugwira pa ana enieni okhala ndi njala, tulo ndi mafunso awo. Maganizo amenewa si athu okha. John Dewey anatsegula sukulu yoyeserera pa yunivesite ya Chicago mu 1896 pa chifukwa chomwechi, ndipo Teachers College ya ku New York, yomwe inayamba mu 1887, inayambira limodzi ndi sukulu yake ya ana yomwe inadzatchedwa Horace Mann. Kwa ine, phokoso la ana pa nthawi yopuma ndi chipangizo chofunika pa sukulu ya zamaphunziro mofanana ndi laibulale, chifukwa limamukumbutsa wofufuza aliyense kuti akulembera ndani.

MlendoWaBloomsbury:
Agogo, mawu anu ndi olemera, koma ku London anasankha njira ina, ndipo ili ndi nzeru zake. Amene akuphunzira uphunzitsi, a PGCE aja (maphunziro a uphunzitsi a anthu omwe ali kale ndi digiri), amakhala nthawi yaikulu ya chaka m'masukulu enieni omwazikana mumzinda monse, ena a m'madera a anthu osauka, ena okhala ndi ana olankhula ziyankhulo zambirimbiri kunyumba. Mzinda wonse ndiye sukulu yawo yochitira chitsanzo. UCL inathandizanso kukhazikitsa sekondale yotchedwa UCL Academy ku Swiss Cottage, yomwe inatsegulidwa mu 2012, ngakhale siili pa Bedford Way pomwepo.

MwanaWaChirunga:
Ndikugwirizana ndi a MlendoWaBloomsbury. Vuto la sukulu yochitira chitsanzo ndi lakuti imasanduka sukulu yapadera. Ana a aphunzitsi a pakoleji amaphunzira pomwepo, mabuku amapezeka, alendo amabwera pafupipafupi. Wophunzira akazolowera pamenepo kenako n'kutumizidwa ku CDSS ya kumudzi komwe ana 90 akukhala atatuatatu pa desiki imodzi, amasokonezeka.

NkhalambaYaKuDomasi:
Zimenezo n'zoona, mwana wanga, ndipo ndinaziona. Koma yankho lake si kuchotsa sukuluyo, koma kuilola kuti ikhale sukulu wamba yolandira ana a m'midzi yozungulira. Taonani kuti ngakhale ku Britain komweko yunivesite ya Cambridge inatsegula pulayimale yake mu 2015. Akanakhala kuti njira ya kumwaza ophunzira mumzinda ndi yokwanira, sakanabwerera ku maganizo akalewa.

MayiWaKuLuwinga:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndiloleni ndinene zanga, chifukwa nkhani ya ku London yandikumbutsa zimene ndinadutsamo pochita digiri yomweyi kuno kumudzi. Sinditchula dzina la sukulu. Ife tinkapita nthawi ya holide, pamene ana athu a sukulu atsekera, ndipo tinali anthu akuluakulu: ahedi, alangizi a zamaphunziro, ena a zaka zopitirira 50. Tsiku loyamba tinapeza kuti gulu lathu lilibe chipinda chakechake. M'mawa uliwonse mtsogoleri wa kalasi ankayenda khomo ndi khomo kufunafuna kalasi yopanda anthu, ndipo tikangokhala pansi, patapita ola limodzi ena ankagogoda kuti ndi nthawi yawo. Masiku ena tinkamalizira phunziro pansi pa mtengo. Pakhoma panali soketi imodzi yokha yogwira ntchito, ife tili ndi malaputopu 30, ndipo magetsi akathima ndiye kuti tsiku lapita.

Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali kukumana ndi mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanga. Iwo ankagawana ofesi ndi anzawo atatu, ndipo kafukufuku wanga anali wa atsikana osiya sukulu chifukwa cha mimba. Ndinalonjeza atsikanawo kuti zimene andiuza ndi zachinsinsi, koma ndinalibe kabati yokhoma yosungira mapepala, ndinalibenso chipinda choti ndimvetsere mawu omwe ndinajambula popanda wina kumva. Ndinkayenda nazo m'chikwama kulikonse, ngakhale kumsika. Choncho ndikamva a Namadzi77 akudandaula za maonekedwe a khoma, ndimaona kuti tikuyeza zinthu ndi miyeso yosiyana. Pa sukulu yathu ija geti linali lokongola kwambiri, lopakidwa penti chaka chilichonse, koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Namadzi77:
Pepani, Mayi, ndakumvani. Sindinaganize za mbali imeneyo.

KalalikiWaKuMpemba:
Zimene anena Mayi a ku Luwinga zili ndi chiyambi chake m'mbiri. Masukulu athu ambiri a ukachenjede anamangidwira achinyamata ochokera ku Fomu 4, ogona pasukulu pomwepo, osati akuluakulu ochita kafukufuku. Maphunziro a zauphunzitsi a University of Malawi anayambira ku Soche Hill College ku Blantyre, ndipo mu 1973 anasamukira ku Zomba pamodzi ndi Chancellor College. Mzuzu University inayambira m'nyumba zomwe zinali za koleji yophunzitsa aphunzitsi a ku pulayimale. Domasi inayamba kusula aphunzitsi a ku sekondale mu 1993, ndipo Nalikule inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan pa cholinga chomwecho cha aphunzitsi a ku sekondale. Madigiri apamwamba anadzabwera pambuyo, n'kulowa m'nyumba zomwe sizinalinganizidwire ntchito imeneyo. Tisaiwalenso kuti IOE nayo siinayambe ndi chinyumba chimenechi. Inayamba mu 1902 ngati London Day Training College, inakhala pa Southampton Row, mu 1932 inatenga dzina la Institute of Education, kenako inakakhala ku Senate House, ndipo nthawi ya nkhondo yachiwiri inasamukira ku Nottingham. Inadikira zaka zoposa 70 kuti ifike pa Bedford Way.

MmisiriWaMapulani:
Ndipo zimene Mayi a ku Luwinga ankasowa si zodula monga anthu amaganizira. Chipinda chimodzi cha ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu, chokhala ndi matebulo, masoketi okwanira, makabati okhoma, intaneti ndi magetsi a sola, kuphatikiza tizipinda tiwiri tating'ono tokumaniramo anthu awiri kapena atatu, sichingafanane mtengo ndi holo yaikulu ya zikondwerero. Vuto limene ndimaliona pa ntchito yanga n'lakuti eni nyumba akamatipatsa ntchito amafunsa kaye za kutsogolo komwe kudzaoneke pa chithunzi, ndipo kawirikawiri amene adzagwiritse ntchito zipindazo sakhalapo pa zokambirana. Pa nkhani ya malo otsetsereka odutsa njinga za anzathu olumala, ndi bwino kuwalemba pa pulani pachiyambi pomwe, chifukwa kudzawonjezera nyumba itatha kumadya ndalama zambiri ndipo nthawi zambiri amatuluka otsetsereka mopitirira muyeso.

MayiWaKuLuwinga:
Muwonjezerepo chitetezo cha moto, Bambo. Ife a kuno kumpoto sitidzaiwala December 2015 pamene laibulale ya Mzuzu University inapsa ndi mabuku pafupifupi 45,000. Kafukufuku wa ophunzira amene amasungidwa pa pepala lokha akapsa sabwereranso. Sukulu ya zamaphunziro iyenera kukhala ndi malo osungira zolemba za ophunzira ake pa kompyuta, kuti mphunzitsi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje athe kuwerenga zimene anzake anapeza popanda kukwera basi.

MnyamataWaKuLeeds:
Ine ndingowonjezera za moyo wa tsiku ndi tsiku, Achemwali, chifukwa nyumba yophunziriramo ndi theka chabe la nkhaniyi. Malo ogona pakati pa London ndi odula kwambiri, choncho lembetsani msanga ku nyumba zogona za yunivesite. Pali ina yotchedwa John Adams Hall pa Endsleigh Street, yomwe inatenga dzina la mkulu woyamba wa sukuluyi, ndipo ili pafupi moti mumayenda wapansi. Funsani ngati kuli khitchini yophikira nokha, chifukwa ufa woyera umapezeka m'mashopu a anthu a ku Africa ndipo nsima ya madzulo imachepetsa kusowa kumudzi. Mu December dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko madzulo, ndiye mukasankha pokhala m'laibulale, sankhani pafupi ndi zenera.

Namadzi77:
Ufa wa kumeneko sufanana ndi wa kuchigayo kwathu, koma umathandiza ndithu. Mchemwali wanga amasakaniza ndi wa mgaiwa womwe timamutumizira.

MwanaWaChirunga:
Tisasochere ku nkhani ya nsima, abale, Mayiwa anafunsa za bondo ndipo sitinawayankhe mokwanira.

MlendoWaBloomsbury:
Zoona. Mayi, chachikulu si nyumba ya IOE koma njira yofikira kumeneko. Sitima ya Piccadilly imachoka pa bwalo la ndege la Heathrow n'kudzafika pa Russell Square osasintha, koma siteshoni imeneyo ndi yakale ndipo ili pansi kwambiri. Zikepe zilipo, komabe pamatsala masitepe angapo pakati pa pokwerera sitima ndi zikepezo. Tsiku lofika, muli ndi masutikesi, ndi bwino mupitirire mpaka siteshoni yotsatira ya King's Cross St Pancras komwe mungatuluke popanda masitepe, kenako mukwere basi kapena takisi. Musananyamuke, lemberani ofesi ya yunivesite yothandiza ophunzira omwe ali ndi ulumali kapena vuto la m'thupi, ndipo mutenge kalata ya dokotala. Chifukwa chake n'chakuti si maphunziro onse amachitikira pa 20 Bedford Way. Ena amakhala m'nyumba zakale za m'mbali mwa Woburn Square ndi Gordon Square, zomwe poyamba zinali zogona mabanja ndipo zili ndi masitepe opanikiza. Akadziwiratu za vuto lanu amatha kuliganizira pokonza zipinda zophunziriramo ndi malo ogona.

NkhalambaYaKuDomasi:
Mwana wanga, ukafika kumeneko upemphe aphunzitsi ako kuti akupezere mwayi wolowa m'kalasi ya ana, ngakhale kawiri kokha. Kumeneko salola mlendo kulowa pasukulu ya ana popanda kumufufuza kaye, ndiye uyambe kupempha msanga. Ukalowa, usayang'ane makompyuta okha. Uone kutalika kwa mipando, uone kumene mphunzitsi amaima, uone zomwe zapachikidwa pakhoma ndi amene anazilemba, uonenso kumene ana amaika zikwama zawo.

Chokochoyera:
Zikomo kwambiri nonse, makamaka Agogo a ku Domasi ndi Mayi a ku Luwinga. Usiku wathawu ndinabwereranso ku zithunzi zija nditawerenga zimene a MmisiriWaMapulani analemba, ndipo ndinatha kuloza nsanja za masitepe ndi phiko limodzi lija lotsika ngati makwerero. Sindinganene kuti ndayamba kuikonda nyumbayo, koma mantha aja achepa. Kalata ya dokotala ndikatenga Lolemba, ndipo ndalembera kale ofesi yoona za malo ogona kupempha chipinda cha pansi kapena cha pafupi ndi chikepe. Mayi a ku Luwinga, kafukufuku wanga akukhudzanso atsikana a ku sekondale, ndipo ndidzabwera kudzafunsa mafunso kuno kumudzi chaka chamawa. Ngati simukuona vuto, ndikulembereni kumbali kuti mundiuze mmene munkasungira mapepala ndi mawu ojambula aja pa nthawi yomwe munali kumidzi.

MayiWaKuLuwinga:
Ndilembereni, Achemwali. Mugule msanga kabokosi kachitsulo kokhala ndi loko, ndipo mayina enieni a atsikanawo muziwalemba m'kope lina losiyana ndi lomwe muli mayankho awo.